Kodi Mtima wa Mayi Umalimba Bwanji pa Nthaŵi ya Mavuto?

Palibe mawu amene amayi a kwathu kuno amawamva kaŵirikaŵiri pa nthaŵi ya tsoka kuposa aŵiri aŵa akuti, "Limbani mtima." Timawanena m'siŵa, timawanena m'chipatala mwana akagonekedwa, timawanena kwa mayi amene mwamuna wamthaŵa, ndiponso kwa uja amene munda wake wapita ndi madzi. Ndi mawu abwino ndithu, ndipo sitikufuna kuti atayike. Koma tikatha kuwanena timadzuka, n'kusansa fumbi pachitenje, ulendo kwathu. Mwini tsokayo n'kutsala ndi ana amene akumuyang'ana kumaso kuti aone ngati lero moto uyaka. Nchifukwa chake mwezi uno tafuna kuti tikhale pansi pamodzi, makolo ndi achinyamata omwe, tifunsane: kodi mtima wa mayi umalimba bwanji? Kodi ndi mphatso yobadwa nayo, imene ena adapatsidwa ndipo ena adamanidwa, kapena ndi chinthu chochita kumanga, monga momwe timalukira nkhokwe nsungwi imodziimodzi?

Ife tikuti n'chochita kumanga, ndipo sichimangidwa ndi munthu mmodzi. Umboni wake suli kutali; uli m'mbiri ya agogo athu.

M'dzinja la 1948 mpaka 1949 mvula idadula mbewu zili zanthete, ndipo m'chaka cha 1949 njala yoopsa idagwa m'dziko muno, makamaka m'chigawo cha kummwera. Patapita zaka zambiri, wolemba mbiri wina dzina lake Megan Vaughan adayendera midzi ya kufupi ndi Lunzu m'boma la Blantyre nacheza ndi okalamba amene adaiona njalayo ndi maso awo, ndipo buku lake lidatuluka mu 1987. Iye adapeza kuti abambo ndi amayi ankakumbukira chaka chimenecho mosiyana. Abambo ankasimba za maulendo ataliatali okasuma chakudya. Amayi ankasimba za amuna amene adapita kosumako osabwerera, ena mwa iwo atakakwatira komweko kumene kudali chimanga. Ankasimba za kukumba mizu ya m'tchire ndi za kusinja madeya. Chomvetsa chisoni china nchakuti akuluakulu ogaŵa chakudya ankaganiza kuti mkazi aliyense wokwatiwa ali ndi mwamuna womudyetsa, tsono mayi wothaŵidwa ankapezeka ali pakati, wopanda mwamuna ndiponso wovutika kupeza thandizo.

Zambiri mwa zimenezi wolembayo adazipeza m'nyimbo za pamtondo. Apa tiime pang'ono, pakuti pali phunziro lalikulu. Mtondo sudali chipangizo chokonolera chimanga chokha ayi. Padali pabwalo la amayi. Pamenepo mkazi ankatha kuimba za mwamuna wake wosasamala, za apongozi ovuta, za mwana amene adamuika m'manda, ndipo palibe amene akadamzenga mlandu chifukwa idali nyimbo. Mnzake wosinja naye ankavomereza, ndipo pakuvomerezapo ankakhala akunena kuti, ndamva, ndipo inenso ndikuzidziŵa. Thupi linkagwira ntchito, thukuta linkatuluka, misozi inkatuluka, mwinanso kuseka kunkatulukira pomwepo. Pobwerera kunyumba ndi lichero la mphale pamutu, vuto lidali likadalipo, koma sadalinso kulisenza yekha. Agogo athu sadaphunzire za maganizo a munthu m'sukulu, komabe adadziŵa kuti chisoni chotsekeredwa m'mimba chimadya mwini wake.

Mbadwo wotsatira udaona mavuto a mtundu wina. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, amuna a ku Malaŵi oposa 100,000 adali kumigodi ya ku South Africa, ambiri atapita kudzera ku Wenela. M'midzi yambiri mudatsala amayi, ana ndi nkhalamba. Mayi ankalima yekha, kufolera yekha, kuthamangira yekha kuchipatala usiku, uku akudikira kalata imene mwina sibwera. Ena mwa amunawo adasanduka machona. Ndipo mu Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, nipha Amalaŵi 74 amene ankabwerera kwawo. M'midzi ina amayi amene ankayembekeza kulandira amuna awo ndi masutikesi adalandira uthenga wa maliro. Chidaimika amayi ameneŵa n'chiyani? M'madera a chikamwini, mkazi ankakhala pakati pa mbumba yake: amake pafupi, achemwali ake kuseri kwa nyumba, atsibweni a anawo pamudzi pomwepo. Mwana akadwala, wina ankagwira khasu m'malo mwake. Iye akagwa, padali manja omudzutsa.

Koma tisanamizane ayi. Si onse amene adapirira. Timakonda kutamanda amayi akale ngati kuti adali a chitsulo, pomwe ena mwa iwo adasweka mumtima mwakachetechete, naonda, nasiya kulankhula, anthu n'kumangoti alodzedwa. Kutamanda kupirira kwa amayi mopyola muyeso kuli ndi choipa chake: kumasanduka chifukwa chowasiyira katundu yense. Mayi amene sadandaula timamutcha wolimba, pomwe mwina wangoona kuti palibe womumvera.

Nanga lero? Chigayo chidalanda ntchito ya mtondo, ndipo sitikudandaula, pakuti misana ya amayi idapumako. Koma bwalo lija lidapita nawo limodzi. Mtsikana wa ku Dedza kapena ku Ntchisi akakwatiwa amakakhala m'nyumba ya lendi ku Kawale kapena ku Ndirande, kutali ndi amake, pakati pa anthu amene sadziŵa ngakhale mfunda wake. Ambiri amuna awo ali ku Johannesburg, monga momwe adaliri agogo awo, kusiyana kwake nkwakuti tsopano amalankhulana pafoni. Mitengo ya zinthu ikwera, fizi ikufunika, feteleza sagulika. Pamwamba pa izi pamabwera masoka aakulu. Mu Malichi 2023 namondwe wotchedwa Freddy adapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno nasiya oposa 600,000 opanda pokhala. Ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, matope ndi miyala zidakwirira nyumba anthu ali m'tulo. M'misasa ya othaŵa madzi, amayi amene adataya ana ena adayenera kudzuka m'maŵa mwake kukaima pamzere wa phala chifukwa cha ana otsalawo. Umenewu ndiwo mtolo wa mayi: alibe tsiku loti alire osaphika.

Chisoni ndi matenda

Pali chinthu chimodzi chimene agogo athu sadachidziŵe bwino koma ife tiyenera kuchidziŵa. Chisoni ndi chachibadwa, ndipo chimapepuka pang'onopang'ono. Koma pali nthenda ya maganizo imene imafanana ndi chisoni, nikhala yosatha yokha. Anthu ambiri amaifotokoza kuti ndi kuganiza kwambiri, kapena amati mtima ukuthamanga, mutu ukulemera, thupi lonse likuphwanya, koma akapita kuchipatala malungo sapezeka. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti m'maiko osauka amayi pafupifupi 16 mwa 100 alionse oyembekezera, ndi pafupifupi 20 mwa 100 alionse amene angobereka kumene, amavutika ndi matenda a maganizo, makamaka nthenda imeneyi. Tiyeni tiŵerenge bwino: pamzere wa sikelo pakakhala amayi 50 obereka kumene, mwina 10 mwa iwo akumwetulira ndi pakamwa pokha.

Masiku oŵerengeka mwana atangobadwa, amayi ambiri amalira popanda chifukwa chenicheni ndi kupsa mtima msanga. Zimenezi zimatha zokha pasanathe milungu iŵiri. Zodetsa nkhaŵa ndi zimene zipitirira pamenepo: kusoŵa tulo ngakhale mwana atagona, kusafuna chakudya, kusakondwa ndi zinthu zimene kale zinkamsangalatsa, kudziona wachabechabe, kuona mwana wake ngati wa eni. Mayi wotere saulula msanga, chifukwa amaopa kutchedwa waulesi kapena wosayamika Mulungu amene wampatsa mwana. Paja akuluakulu adati mbeŵa ya manyazi idafera kuuna.

Mwambo wa chikuta udali ndi nzeru pamenepa. Mayi ankakhala m'nyumba mpaka mchombo wa mwana utagwa, ndipo amayi aakulu ankamphikira, kumtungira madzi ndi kumsambitsira mwana. Zina za mwambowo tidazisiya ndipo tidachita bwino kuzisiya, koma mpumulo umene udali m'katimo sitidayenera kuutaya. Masiku ano mayi amatuluka m'chipatala lero, mkuja ali pamjigo ndi chidebe.

Agogo a pabenchi

Ku Zimbabwe, dokotala wa matenda a maganizo dzina lake Dixon Chibanda adaona kuti madokotala a mtundu wake ngochepa kwambiri poyerekeza ndi unyinji wa anthu ovutika. Tsono iye ndi anzake adayamba kuphunzitsa amayi achikulire a ku Mbare, mumzinda wa Harare, kuti azikhala pabenchi kunja kwa chipatala ndi kumvetsera anthu odwala nthenda imene m'Chishona amaitcha kufungisisa, ndiye kuti kuganiza kwambiri. Ntchitoyo imatchedwa Friendship Bench. Zotsatira za kafukufuku wake zidasindikizidwa mu 2016: patapita miyezi isanu ndi umodzi, mwa anthu amene adacheza ndi agogowo, 14 okha mwa 100 alionse ndiwo adali akadali ndi zizindikiro za nthendayo, pomwe mwa amene adangolandira chisamaliro cha nthaŵi zonse adali 50 mwa 100.

Chimene agogowo amachita n'chosavuta kumva, ndipo mayi aliyense angathe kuchiyesa ndi mnzake wokhulupirika. Poyamba wovutikayo amangolankhula, winayo n'kumamvetsera popanda kudzudzula kapena kuthamangira kulangiza. Kenaka aŵiriwo amatchula mavutowo limodzilimodzi, pakuti munthu wothedwa nzeru amaona mavuto ake onse ngati chimtambo chimodzi chakuda: ngongole, matenda a mwana, kuledzera kwa bambo, denga lodontha, zonse zitaphatikana. Atawalekanitsa, mwini wakeyo amasankha limodzi lokha, limene angathe kuchitapo kanthu mlungu uno. Amaganizira njira zingapo, nasankha imodzi, napangana tsiku lodzakumananso kuti aone ngati yatheka. Wosankha ndi mwini wake, osati wothandizayo, ndipo mfundo imeneyi ndiyo mtima wa zonse. Mayi amene wakhala miyezi akuona kuti zinthu zikungomchitikira amazindikiranso kuti pali kanthu kamene dzanja lake lingathe kusuntha. Denga likamatidwa, ngongole ikadalipo, koma tulo timayamba kubwera.

Tikaiona bwino ntchito imeneyi, tiona kuti ndi mtondo uja wabweranso m'chovala china.

Amayi ambiri chimene chimawadya usiku si njala yawo koma mantha akuti mavutoŵa awononga ana awo. Kwa otere tili ndi uthenga wotonthoza. Pa chilumba cha Kauai ku Hawaii, katswiri wina dzina lake Emmy Werner ndi anzake adatsatira moyo wa ana 698 obadwa mu 1955 mpaka atafika zaka 40. Ena mwa anawo adakulira mu umphaŵi, m'mabanja a mikangano kapena a matenda. Mwa ana a m'mabanja ovutawo, mmodzi mwa atatu alionse adakula bwino lomwe, nakhala munthu wodalirika pantchito ndi pabanja. Chimodzi mwa zinthu zazikulu zimene zidawasiyanitsa ndi anzawo nchakuti aliyense adali ndi munthu wamkulu mmodzi, kapena kuposerapo, amene ankamkonda mosasinthasintha: mayi, gogo, azakhali, mphunzitsi, kapena mkulu wa mumpingo. Tsono mayi asadziimbe mlandu chifukwa sangathe kugula nsapato kapena chifukwa ana amuona akulira. Ndipo asaope kulola kuti mwana wake akondedwenso ndi ena pamene iye mphamvu zamthera. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Za ana tiwonjezepo ichi: amaona zambiri kuposa momwe timaganizira. Mwana wa zaka zisanu ndi ziŵiri akaona amake ali ndwii masiku atatu, amayamba kuganiza kuti walakwa ndiye. Nkwabwino kumuuza zoona zolingana ndi msinkhu wake, kuti amayi ali ndi chisoni chifukwa cha zakutizakuti, koma iwe sudalakwe kanthu. Nkwabwinonso kusunga tizizoloŵezi ta panyumba ngakhale zinthu zitasokonekera: kudyera pamodzi ngakhale ndiwo zili chisoso, kupemphera madzulo, kudzutsa ana nthaŵi ya sukulu. Tinthu timeneti timagwira mwana, ndipo timagwiranso mayi.

Mu mpingo timamva nthaŵi zina mawu akuti Mkhristu weniweni sada nkhaŵa, ndipo wovutika maganizo chikhulupiriro chake nchochepa. Mawu otere amavulaza, ndipo Malembo sawavomereza. Hana adalira m'nyumba ya Mulungu mpaka wansembe Eli adamuyesa woledzera. Naomi atataya mwamuna ndi ana ake aamuna aŵiri adauza amayi a ku Betelehemu poyera kuti moyo wake waŵaŵa, ndipo chimene chidamdzutsa chidali mpongozi wake Rute amene adakana kumsiya, napita kukakunkha barele kuti aŵiriwo adye. Mneneri Eliya atatopa mpaka kupempha imfa, mngelo sadamdzudzule. Adampatsa chakudya ndi madzi namlola kugonanso. Pemphero ndi mzati wa mayi wokhulupirira, ndipo ambiri a ife tidaona amayi athu akugwada m'bandakucha nadzuka ndi nkhope ina. Koma amene amapemphera yemweyo ayenera kudya, kugona, ndi kumwa mankhwala ngati dokotala wampatsa. Sitimuuza wodwala shuga kuti ataye mankhwala ake chifukwa ali ndi chikhulupiriro.

Kwa abambo ndi achinyamata

Inu abambo, nkhaniyi musaipatse amayi okha kuti aŵerenge. Mkazi amene wadzuka kanayi usiku kuyamwitsa sangalimbe mtima ndi mawu okha. Afunika maola aŵiri ogona masana pamene wina wanyamula mwana. Kutunga madzi kapena kuŵaza nkhuni sikudachotsepo munthu ubambo. Ndipo kubisa ndalama, kuledzera ndi kumenya ndi zina mwa zinthu zimene zimadwalitsa amayi maganizo koposa. Mayi womenyedwa tisamuuze kuti apirire. Apite kwa ankhoswe, kwa akulu a mpingo, ndipo ngati moyo wake uli pangozi, kupolisi kumene kuli ofesi yothandiza ozunzidwa m'mabanja.

Inu anyamata ndi atsikana, amayi anu sadzakuuzani kuti atopa. Yang'anani mbale yawo: kodi akudya, kapena akungonena kuti adya kale? Mayi ambiri nthaŵi ya njala amanena bodza limeneli tsiku ndi tsiku. Musadikire kutumidwa. Ndipo inu amene muli kutauni kapena kunja, musamaimbe foni pokhapokha mukafuna kanthu.

Amayi a Chigwirizano, a Mvano ndi a Umanyano ali ndi mwayi umene ngakhale chipatala chilibe, pakuti amadziŵa khomo lililonse. Pa maliro sasoŵa: amaphika, amaimba usiku wonse, amagona pansi pamodzi ndi wofedwa. Koma nthaŵi yoŵaŵitsa kwa namfedwa si mlungu wa maliro, pamene nyumba ili yodzaza. Ndi mwezi wachiŵiri ndi wachitatu, abale atabalalika, ufa wa chipepeso utatha, mwina achibale a mwamuna atayamba kale kuloza katundu. Tikupempha kuti gulu lililonse lisankhe amayi aŵiri oti azimuyendera wofedwa mlungu ndi mlungu kwa miyezi ingapo, osati kukalalika ayi, koma kukakhala naye pamkeka, kutola naye nyemba, ndi kumvetsera. Asankhidwe osunga chinsinsi, chifukwa mayi akangomva nkhani yake ili pachitsime sadzatsegulanso pakamwa.

Za banki mkhonde tinene mwachidule. Yathandiza amayi ambiri kukhala ndi kandalama kawokawo ndi anzawo okumana nawo mlungu uliwonse, ndipo zonse ziŵirizi zimalimbitsa mtima. Koma ngongole yotengera kubweza ngongole ina yagonetsa amayi ambiri maso ali gwa. Wobwereka abwereke zimene geni yake ingathe kubweza.

Pomaliza pali zizindikiro zimene sizifuna kudikira tsiku la msonkhano wa amayi. Mayi akayamba kunena kuti kuli bwino atangofa, kapena kuti ana ake angakhale bwino iye kulibe, mawuwo tisawayese nthabwala, ndipo kumufunsa mosabisa ngati akuganiza zodzipha sikumuika maganizowo m'mutu; kaŵirikaŵiri kumampatsa mpata woti alankhule. Asasiyidwe yekha, mankhwala a mbewu ndi a makoswe achotsedwe m'nyumba, ndipo aperekezedwe kuchipatala tsiku lomwelo. Palinso nthenda ina yosoŵa, imene imagwira mayi mmodzi kapena aŵiri mwa 1,000 obereka, kaŵirikaŵiri m'milungu iŵiri yoyamba: mayi amasokonezeka, sagona konse, amamva mawu kapena kuona zinthu zimene ena sakuziona. Achibale ambiri amataya masiku akufunafuna amene wamlodza, pomwe nthendayi imachizika ndi mankhwala ndipo ambiri amachira n'kulera ana awo. Poyambira ndi pachipatala chimene chili pafupi, kapena kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi. Kuzipatala za maboma kumapezeka anamwino ophunzira za matenda a maganizo, ndipo ofunika chithandizo chapadera amatumizidwa kuchipatala cha ku Zomba kapena kwa a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Woperekezayo akafika afotokoze zonse monga momwe wazionera, tsiku limene zidayamba ndi mawu amene mayiyo wakhala akunena, chifukwa wodwalayo payekha angathe kungoti mutu ukumuŵaŵa, n'kubwerako ndi panado.